Nsawawa za a Léonce

Lolemba, 8 Januwale

Chisanu chenicheni chafika. Madzi a nkhuku aundana, ndachita kuswa ndi chidendene cha jombo. Pa wailesi akuti sabata yonse kukhala chonchi, mphepo ya kumpoto.

Ndisanamwe ndi khofi yemwe ndathamangira kumunda kukaona nsawawa. Kuona kwake n'kwa kunja kokha, poti chipepala cha pulasitiki chimene ndinaziphimba nacho sindinachitukulepo kuyambira tsiku limene ndinachiika, kuopa kulowetsa mphepo. Miyala yotsamiza ili m'malo mwake. Mkati mwachita thukuta moti sizikuoneka bwino, koma kubiriwira kulipo. Ndaunjika udzu wouma m'mbali monse, pamwamba n'kuyala bulangete lakale la galu. Kumapeto kwa mzere, cha kumpanda, pamene mphepo ya pa Chaka Chatsopano inang'amba, ndayesanso kumata koma selotepu sakugwira pozizira. Ndidzakonza.

Ndilembe pano, poti m'nyumba muno mulibe wondimvera. Amuna anga a Léonce anafesa nsawawazi pa tsiku la Katarina Woyera, kumapeto kwa Novembala, monga amachitira chaka ndi chaka. Mbewu yonse, mpaka kanjere kotsiriza. Chaka chatha mvula inaoletsa makoko, tinangopulumutsa yodzaza kapu, ndiye ine ndinati tisungeko theka m'chitini. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ati mbewu ya mayi awo siinagonepo m'chitini nyengo ya chisanu, malo ake ndi m'dothi. M'sitolo simupezeka nsawawa zimenezi, dzina zilibe, anthu amangoti za kwa Lecaudey, dzina la banja lathu. Zikafa izi, zatheratu.

Khirisimasi isanafike iwo n'kugwa m'bafa. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja yafa, ndi pakamwa pomwe. Pamene ankawakweza mu ambulansi ndinawalonjeza kuti akadzabwera adzazipeza zamoyo. Kaya ankamva. Ine amene ntchito yanga m'munda inali kugwira chingwe ndi kukalipiridwa.

Lachiwiri, 9 Januwale

A L. ayankhula.

Kuchipatala ndinawapeza atawakhazika chotsamira, tsitsi atawapesera mbali yolakwika. Pa kabati panali chisoti cha pepala chija chimabwera ndi keke ya chikondwerero cha Mafumu Atatu, akuti Lamulungu anamwino anawaveka n'kuwajambula. Munthu amene ankakana chisoti chimenecho ngakhale mwana alire chotani. Ndinachiponya m'bini mwakachetechete.

Kenako ndinayamba nkhani zanga, poti dokotala anati ndiziwayankhula ngakhale asayankhe. Nkhuku, denga la kashedi, ndani wamwalira m'mudzi. Ndiye nsawawa. Ndinawafotokozera monyadira ndithu: mawaya okhota, chipepala, miyala, udzu, bulangete la galu. Ndinati, "Musade nkhawa bambo a Solène, ngakhale kamphepo kodzera pa bowo la singano sikangalowemo."

Anatong'ola diso labwinolo. Milomo inayamba kulimbana, kukhosi kukugwira ntchito ngati munthu wameza fupa. Kenako mawu olemera, osafanana ndi awo: "Mpweya."

Ndinayesa akubanika. Ndinathamangira pakhonde kukaitana Perrine, namwino wamtali wosachedwa kuseka. Anawapana chala ndi kachipangizo kake n'kunena kuti mpweya m'magazi ndi wokwanira. Komabe anawaika timapaipi m'mphuno kuti mtima wanga ukhale pansi. Iwo anatizula ndi dzanja lamanzere n'kutiponya pansi. Perrine anaseka, ati agogo awa mphamvu zikadalipo.

Mwana wathu Solène ndinamuimbira ndikadali poimika magalimoto. Tonse awiri kulira, kuseka, kuliranso. Liwu limodzi lokha, koma ndi liwu.

Lachinayi, 11 Januwale

Kogula buledi amayi awiri kumbuyo kwanga ankayesa akunong'ona. Wina ati akuti sadzukanso, mnzake ati nanga munda uja. Ndinatembenuka n'kuwapatsa moni wa mano onse.

Ndikufika kunyumba, a Firmin, aneba athu a kuseri kwa mpanda, anandipeza ndikuwonjezera masaka pamwamba pa bulangete. Anaima manja m'matumba. "Mayi Lecaudey, mwana mwamufunditsayo ndi wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinati asamale kabichi wawo amene njiwa zamusandutsa sefa. Anaseka, kenako nkhope inasintha n'kunditchula dzina langa, kuyamba zoti komatu Odile, mkulu uja akanakhalapo. Sindinadikire kuti amalize. Ndinawauza kuti mkulu uja sanafe, akadzabwera adzawayankha yekha. Ndinamenyetsa chitseko cha kashedi mpaka khasu kugwa.

Ndikuwadziwa ine. Chiyambire unyamata wawo awiriwa amapikisana kuti adye nsawawa zoyamba ndani Pentekoste isanafike, ndipo a Firmin sanapambanepo. Chaka chino akuona ngati mwayi wawagwera. Aiwale.

Kuchipatala liwu lomwe lija. Ndinawamasula batani la pakhosi.

Loweruka, 13 Januwale

Solène wabwera kuchokera kwawo ku mzinda wa Caen, maso otupa, atanyamula malalanje amene bambo ake sangathe kumeza. Wadzimvera yekha. Atangolowa, bambo ake anamuyang'ana bwinobwino, phee. Kenako ndili pakati pa nkhani za kunyumba ndi kumunda, zayambika: mpweya, mpweya. Mwana uyu anatengera ine, sachedwa kupsa mtima. Anamuimika dokotala pakhonde mpaka anavomera kuwajambula pachifuwa. Mapapo alibe kanthu. Dokotalayo, mnyamata waulemu wake, anatifotokozera kuti odwala sitiroko ena liwu limodzi limangowakanirira pakamwa popanda tanthauzo, wina amangoti Lachitatu, wina dzina la galu wake. Ati tisamalitengere kumtima.

Pobwerera Solène anayamba mozungulira, za masitepe a m'nyumba mwathu, za bafa lopanikiza, kenako n'kufika pamene ankafuna: pali nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi kwawo. Ndinamuuza kuti bambo ake akubwerera pakhomo pawo, ali ndi nsawawa zoti adzazizikire timitengo mu Malichi.

"Amayi, nsawawa, nsawawa. Mwadziyang'ana pagalasi? Mwatsala mafupa okhaokha."

"Iwe yendetsa galimoto."

Tinafika kunyumba tili chikwiyire. Madzulo anandiphikira supu wa mbatatesi n'kutsuka ziwiya zonse, ndiko kupepesa kwake. Ine kupepesa kwanga ndinamaliza mbale yonse.

Lamulungu, 14 Januwale

Solène wabwerera. Ku Misa sindinapite, ndatopa n'kufunsidwa. Wailesi ndaisiya chiyatsire kuti pakhale wondisokosa.

Lachiwiri, 16 Januwale

Kunja kwayera mbee, chipale chagwa, madzi oundana ofewa ngati thonje. Ndatsamiza matabwa m'mbali mwa chipepala. Pong'ambika paja pandikanika, ndangopasiya.

Msewu woterera koma kuchipatala ndinapita. Ndinawauza kuti chipale chagwa koma nsawawa zawo zili m'nyumba yofunda kuposa yathu. Anayamba kumenya chitsulo cha bedi ndi dzanja labwinolo. Mpweya. Mpweya. Ndinatsegula chitseko, ndinawakweza chotsamira, ndinawakupiza ndi nyuzipepala. Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira ndikaponda pamene afesa karoti, koma ulendo uno m'diso munali madzi. Msozi unatsikira m'khutu. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma, osayang'ananso mpaka ndinatsanzika.

Pa maliro a mayi awo sanalire bambo amenewa. Chisoni chandigwira, komanso, Mulungu andikhululukire, ndakwiya. Moyo wonse akhala ndi mawu osatha ondikalipira nawo, lero ndikuwafuna mawuwo atsala ndi limodzi lopanda pake. Buledi ndaiwala kugula.

Lachinayi, 18 Januwale

Izi ndilembe zonse.

Kwacha kofunda, mphepo yatembenukira kunyanja, chipale chikusungunuka. Bulangete la galu lamwa madzi mpaka kulemera, lapinda waya pakati pa mzere. Ndinati ndiwongole msanga nsawawa zingaphwanyike. Ndinachotsa matabwa ndi miyala, n'kutukula chipepala pang'ono.

Fungo ndi limene linandilonjera, ngati la m'chipinda chapansi mbatatesi zikaola. Nditavundukula chonse ndinangogwada pamatope. Zakula ndithu, zatalika, koma zowonda, zotumbuluka, zagona pansi ngati zingwe zonyowa. Patsinde zada bii, masamba achita chuku ngati buledi woiwalika. Nkhono zanenepa, zili mbwee. Mbewa nazo zinapeza nyumba yofunda, zakumba njira mzere wonse. Ndikagwira kamtengo, kakungosungunuka m'zala.

Ndinayankhula ndekha mokweza ngati wamisala. "Kalanga ine, zasowa mpweya."

Ndinadzimva ndekha ndikutchula liwu lawo lija.

Nthawi zonse a L. amaliyamba ndikangotchula munda. Tsiku la Solène anali phee mpaka nditafika pa nsawawa. Si chifuwa ayi, si liwu lokanirira ayi. Munthu wagona pamenepo thupi theka litafa, wasonkhanitsa mphamvu zake zonse kuti aumbe liwu limodzi lopulumutsira mbewu ya mayi ake, ine n'kumamukupiza ndi nyuzipepala. Ndinalira mpaka galu wa kwa aneba kuuwa.

Zatsala za kumapeto kokha, pong'ambika paja ndinkadandaula napo. Zazifupi, zonenepa tsinde, m'mphepete mwa masamba mwapsa pang'ono ndi chisanu, koma zaima njo. N'zochepa, malo ake ungaphimbe ndi thaulo lopukutira mbale.

A Firmin anandipeza ndili chigwadire. Sanaseke. Anavula chipewa, anadzera pampata wa mpanda, tinazula zoolazo limodzi n'kukazitaya kutali. Anapita kumtunda n'kubwera ndi nthambi za minga, anazizika mbali ya kumpoto kuti zitchinge mphepo, monga amachitira a L. Ine ndinkaziona chaka ndi chaka nthambi zimenezi n'kumayesa n'zoopsezera amphaka. Anangoti, "Nsawawa izi chisanu n'chawo, mlongo. Chimene chimazipha n'chinyontho." Safunsa anadya phula. Ndinawathirira khofi ndi kadontho ka mowa wa maapozi, tinamwa.

Lachisanu, 19 Januwale

Kuchipatala sindinapite. Ndinavala chikhoti, ndinatenga makiyi, n'kukhala pampando wa pakhomo mpaka dzuwa kupendeka.

Solène analira pafoni nditamuuza tanthauzo la liwu lija. Kenako anati za zoolazo ndisawauze bambo ake. "Mungonena kuti mwatsegula ndipo zonse zili bwino. Amayi, adzazionanso liti?" Anazindikira yekha chimene wanena, n'kuyamba pepani pepani. Ndinati palibe kanthu. Kanthu kalipo, koma mwana sanalakwe.

Loweruka, 20 Januwale

Ndawauza. Bodza ndinalikonza bwinobwino m'galimoto, koma nditaona diso lija likundidikira, linathawa lokha.

Ndinakokera mpando mbali ya kumanzere. "Bambo a Solène, ndamva. Ndachedwa koma ndamva. Ndavundukula."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapuma mozama, mapewa n'kutsika, ngati munthu watula thumba la tirigu. Ndinapitiriza osabisa kanthu: chuku, nkhono, mbewa, zotsala za kumpanda, minga ya a Firmin. Pa dzina la a Firmin mbali yamoyo ya pakamwa inakhota pang'ono, kaya kuseka kaya kunyansidwa. Ndinadikira kukalipiridwa, ndinachita kukulakalaka. Anangondifinya chala, n'kugona. Tulo teniteni, ndi mkonono womwe uja wa kunyumba.

Ndabwerera mtima utapepuka. Madzulo ndayala kansalu kopepuka pa zotsalazo, mbali ziwiri zotsegula, mawa ndichotse dzuwa likatuluka. Zikapulumuka izi zokha, mu Julaye tipeza mbewu yodzaza dzanja. N'zokwanira kuyambira.

Lamulungu, 21 Januwale

Ndachotsa kansalu, ndatola nkhono zotsala n'kupatsa nkhuku. Pansi pa mpanda ndapeza chingwe chofesera chikadali chokulunga pa kamtengo kake, mmene anachisiyira pa Katarina Woyera. Tsiku lija kunali mvula yamawawa, mbewu ikununkha parafini woopsezera mbewa, iwo akukuwa kuti Odile chingwe chakhota, kodi maso unabwereketsa? Ine ndinati mzere wokhota nawo umabala. Anati pa munda wa a Firmin. Chingwecho ndachipachika m'kashedi.

Lolemba, 22 Januwale

A L. sanayankhule. Dzulonso ayi. Perrine akuti zili bwino, agogo akhazikika, sakumenyanso bedi, tulo akugona. Anamwino onse akondwa. Phala la maapozi anangolawa n'kutseka pakamwa.

Ine sindikukondwa. Anali ndi liwu limodzi, ndi ntchito imodzi ya liwulo, ndiye ntchito yatha. Ndinakhala pamenepo ndikubwebweta za nkhuku ngati wailesi yopanda womvera. Pobwerera ndinadzera kogula chakudya cha nkhukuzo.

Lachitatu, 24 Januwale

Nsawawa zaphuka timasamba tatsopano pansonga. Ndinajambula pafoni kuti akaone. Anayang'ana foniyo ngati akuyang'ana khoma.

Dokotala anandiitanira m'kachipinda kaja ka mipando yofewa. Chibayo. Ati chakudya chinalowera kolakwika, zimachitika kwa odwala otere. Mankhwala akupereka koma thupi silikuthandizira. Anafunsa ngati mwana wanga ali kutali. Ndinati abwera Loweruka, sabata ino ali ndi ntchito ndi ana. Anati chabwino, koma anatero akuyang'ana cholembera chake.

Timapaipi tabwerera m'mphuno. Pachifuwa pakulira ngati ketulo. Tsopano mpweya ukuwasowadi, koma sakuutchula. Dzanja lija linazula timapaipi lili phee pa bulangete. Ndinalisisita mpaka nthawi ya alendo itatha. Ndikuopa, ndilembe poyera, ndikuopa kwambiri.

Lachinayi, 25 Januwale

A Firmin asiya nkhuni zowazawaza pakhomo osagogoda. Kuchipatala chimodzimodzi.

Lachisanu, 26 Januwale

Wailesi yati chisanu china chikubwera lero, choposa chija. M'mawa ndinaima pamzere osadziwa chochita. Kansalu kokha kakwanira? Ndiwonjezere? Ndisiye? Ndikanatha kufunsa a Firmin, koma ndinati ayi, mwini munda alipo.

Awasamutsira m'chipinda chaokha. Ndinawapeza ali maso. Ndinakhala kumanzere n'kufunsa bwinobwino kuti chisanu chikubwera, ndizifunditse kapena ndisiye. Zii. Ndinafunsanso. Ankangondiyang'ana mofatsa, kufatsa kumene sindikudziwa pankhope imeneyi.

Ndiye ndinati ndiwapute dala. Ndinawauza kuti ndaganiza zothira zitosi za nkhuku zaziwisi patsinde penipeni kuti zifunde. Munthu amene anandithamangitsa m'munda tsiku lathunthu chifukwa cha fosholo ya zitosi. Palibe. Ndinati ndizizithirira madzi otentha a m'ketulo m'mawa uliwonse. Ndinati minga ija ndaizula, ndipo mbewu ikadzauma theka ndidzapatsa a Firmin adzadye zoyamba ndi iwo. Diso linali pa ine, likumva zonse. Ndikudziwa kuti limamva.

Ndinatulutsa chotsiriza. "Chipepala chija ndikuchibwezera lero lomwe. Ndi miyala yake, ndi bulangete la galu. Mukundimva, a Lecaudey?"

Anagwedeza mutu. Kuvomera.

"Iyayi, ndikalipireni. Nditchuleni chitsiru, mdala inu. Mundawo ndi wanu."

Dzanja lamanzere linayenda pang'onopang'ono pa bulangete mpaka linapeza langa. Anandisisita mmene amasisitira dothi akamaliza kufesa, n'kuvomeranso ndi mutu.

Ndinatuluka pakhonde n'kuimbira Solène. Ndamuuza kuti asadikire mawa.